Kuda si dzina: mmene akatswiri amazindikirira miyala yakuda ya mtengo wapatali

EKURHULENI, South Africa – Timiyala tiwiri takuda tikaikidwa patebulo la wogula, tikhoza kufanana ngati mapasa: msinkhu umodzi, kunyezimira kumodzi, kuda kumodzimodzi. Komatu kamodzi kangathe kukhala dayamondi, pamene kanzake ndi galasi la m'fakitale limene mtengo wake sufika ndi wa buledi womwe. Diso lokha, ngakhale la munthu amene wakhalitsa pa malondawa, silingathe kunena motsimikiza kuti dayamondi ndi kati.

Nkhaniyi ikukhudza anthu ambiri m'chigawo cha kummwera kwa Africa: okumba miyala ang'onoang'ono a ku Mzimba, Ntcheu ndi Zomba m'Malawi, anzawo a ku Lundazi ku Zambia ndi a ku Cuamba m'chigawo cha Niassa ku Mozambique, amalonda amene amayenda ndi miyala kupita ku Joni, komanso mabanja amene amagula mphete m'masitolo. Akatswiri a miyala ya mtengo wapatali amagwirizana pa mfundo imodzi, yakuti kuda si dzina la mwala. Dzina limapezeka poyeza, ndipo dzinalo ndi limene limagamula mtengo, msonkho, ngakhalenso ngati mwini mwala waphwanya lamulo kapena ayi.

Chifukwa chiyani Ekurhuleni

Ekurhuleni ndi dera la mizinda ya kummawa kwa Johannesburg limene kale linkadziwika kuti East Rand. Mizindayi inabwera pansi pa khonsolo imodzi m'chaka cha 2000, ndipo ina mwa iyo ndi Germiston, Boksburg, Benoni, Brakpan, Springs, Kempton Park ndi Tembisa. Makolo ambiri a ku Malawi ndi ku Mozambique anawadziwa mayinawa chifukwa cha migodi ya golide, kumene ankapita pa Wenela. Migodi yambiri ya m'derali inatsekedwa, koma malonda a chuma cha pansi pa nthaka sanachoke.

Ku Germiston kuli fakitale yoyenga golide ya Rand Refinery, imene inakhazikitsidwa mu 1920. Ku Kempton Park kuli bwalo la ndege la OR Tambo, ndipo pafupi ndi bwaloli boma linapatula malo a makampani osula ndi kukonza zodzikongoletsera. Kumeneko ndi kumene kuli likulu la bungwe loyang'anira malonda a dayamondi, golide ndi platinum la South African Diamond and Precious Metals Regulator, komanso ofesi ya State Diamond Trader, bungwe la boma logula ndi kugulitsa dayamondi wosasema. Mu 2023, kampani ya De Beers inatsegula ku Kempton Park komweko nyumba yosankhiramo ndi kugulitsiramo dayamondi, ntchito imene kale inkachitikira ku Kimberley. Ku Springs nako, De Beers inayamba kupanga dayamondi wa m'fakitale wogwiritsa ntchito m'makina m'zaka za m'ma 1960.

Choncho Ekurhuleni ndi khomo limene miyala yambiri imalowera ndi kutulukira m'dziko la South Africa. Pakhomo pamenepa funso loyamba kwa mwala wakuda ndi lakuti: kodi ndi dayamondi kapena ayi? Lamulo la dzikoli la Diamonds Act la 1986 limaletsa munthu kusunga, kugula kapena kugulitsa dayamondi wosasema popanda chiphaso, ndipo wolakwa angathe kulipitsidwa chindapusa kapena kupita kundende. Kuyambira mu 2003, dayamondi wosasema sawoloka malire a maiko amene ali mu mgwirizano wa Kimberley Process popanda chikalata cha mgwirizanowo. Malamulo awiriwa sakhudza miyala ngati tourmaline kapena garnet, imene ili ndi malamulo akeake a migodi ndi a kasitomu. Munthu amene sakudziwa dzina la mwala umene wanyamula sakudziwanso lamulo limene likumukhudza.

Liwu limodzi, miyala yambiri

Chisokonezo chimayambira m'chilankhulo. M'Chichewa ndi m'Chinyanja, liwu lakuti kuda limasenza katundu wambiri. Makala ndi akuda, mitambo ya mvula ndi yakuda, madzi a padziwe lakuya ndi akuda, malaya osachapa nawo ndi akuda. Wokumba akanena pafoni kuti wapeza mwala wakuda, wogula sangadziwe ngati akunena za mwala wakuda bii ngati mwaye, kapena wobiriwira, wofiira kapena wamtambo umene mtundu wake wachita kukhathamira.

Akatswiri amagawa miyalayi m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la miyala imene ndi yakudadi, yosalola kuwala kudutsa. Gulu lachiwiri ndi la miyala imene ili ndi mtundu, koma mtunduwo ndi wochuluka kwambiri mwakuti umameza kuwala konse, mwala n'kumaoneka wakuda. Sapphire wamtambo, garnet wofiira ndi tourmaline wobiriwira amalowa kawirikawiri m'gulu limeneli, ndipo kuda kotereku nthawi zambiri kumatsitsa mtengo wa mwala m'malo moukweza.

Mwala wakuda umene okumba amakumana nawo kwambiri m'chigawo chino ndi tourmaline wakuda, amene dzina lake lenileni ndi schorl, lochokera ku mudzi wina wa migodi ku Germany umene lero ukutchedwa Zschorlau. Amapezeka m'mitsempha yomweyo imene mumapezeka aquamarine ku Mzimba ndi ku Lundazi. Ndi wochuluka padziko lonse, ndipo n'chifukwa chake mtengo wake ndi wotsika.

Ku phiri la Malosa m'boma la Zomba kumapezeka mwala wina wautali, wakuda ndi wonyezimira, umene ambiri amausokoneza ndi tourmaline. Dzina lake ndi aegirine. Unadziwika koyamba ku Norway ndipo unapatsidwa dzinali mu 1835. Aegirine wa ku Malosa ali m'gulu la wokongola kwambiri padziko lonse, ndipo osunga miyala yachilendo ku Ulaya ndi ku America amamufuna ali wathunthu, wosathyoka nsonga, ndi dzina la phiri limene anachokera. Wokumba amene amuphwanya n'kumuthira m'thumba ngati tourmaline wakuda wataya zinthu ziwiri zimene zikanamupatsa ndalama: maonekedwe ndi dzina. Ku Malosa komweko kumapezekanso quartz wautsi, amene akada kwambiri amatchedwa morion.

Garnet wa ku Cuamba ndi wa madera ambiri a Malawi ndi Zambia amakhala wofiira moderako, ndipo akakhala wamkulu amaoneka wakuda. Palinso garnet wakudadi wotchedwa melanite. Spinel wakuda ndi mwala wolimba umene umanyezimira bwino ukasemedwa, ndipo umaikidwa kwambiri m'mphete m'malo mwa dayamondi wakuda. Onyx ndi wa m'banja la quartz, limodzi ndi agate wonga wa ku Ngabu m'boma la Chikwawa. Hematite ndi mwala wachitsulo wonyezimira ngati mpeni wonola. Obsidian ndi galasi lachilengedwe lopangika chiphalaphala cha phiri lophulika chikazizira msanga. Jet ndi mtengo wakale umene unasanduka chinthu chonga malasha. Anatchuka ku England pamene Mfumukazi Victoria inkamuvala polira mwamuna wake amene anamwalira mu 1861.

Pamwamba pa yonseyi pali yopangidwa ndi anthu: galasi lakuda, cubic zirconia ndi moissanite. Yonse pamodzi ndi mitundu yoposa khumi, ndipo uliwonse mwa iyo munthu angathe kuutchula kuti mwala wakuda osanama.

Mayina osokeretsa

Amalonda akhala akubwereka mayina a miyala yodula n'kuwapachika pa miyala yotsika mtengo kuyambira kalekale. Garnet wofiira moderako amene ankapezeka m'migodi ya dayamondi ya ku Kimberley ankagulitsidwa pa dzina lakuti Cape ruby, ngakhale alibe ubale ndi ruby. Mwala wobiriwira wa madontho akuda wa kufupi ndi Brits unatchedwa Transvaal jade, pamene nawonso ndi garnet. Hematite wakhala akugulitsidwa ngati Alaska black diamond, quartz wautsi ngati smoky topaz, ndipo galasi lakuda ngati French jet. M'mayina onsewa liwu lomaliza ndi nyambo, ndipo liwu loyamba ndi pothawira wogulitsa akagwidwa.

Mafumu nawo sanapulumuke. Pa chisoti chachifumu cha ku Britain, pamwamba pa dayamondi wa Cullinan II wochokera ku mgodi wa kufupi ndi Pretoria, pali mwala wofiira wa makarati pafupifupi 170 wotchedwa Black Prince's Ruby. Dzinali limasokeretsa kawiri. Mwalawo si wakuda, chifukwa liwulo likunena za kalonga amene anaulandira mu 1367, ndiponso si ruby koma spinel. Zinatenga zaka mazana kuti asayansi asiyanitse miyala iwiriyi, zimene zinachitika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700.

Dzina lolakwika limapwetekanso anthu osauka. Mu Juni 2021, anthu zikwizikwi anakhamukira ku KwaHlathi, kufupi ndi Ladysmith m'chigawo cha KwaZulu-Natal, atamva kuti kwapezeka dayamondi. Anakumba usana ndi usiku, ena atawononga ndalama zoyendera kuchokera kutali. Akatswiri a boma atayeza miyalayo analengeza kuti inali quartz. Miyala ya ku KwaHlathi inali yoyera, yolola kuwala kudutsa. Mwala wakuda ndi wovuta koposa, chifukwa njira zambiri zoyezera zimadalira kuwala kumene kwadutsa m'kati mwa mwala.

Tochi, galasi lokulitsa ndi sikelo

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ntchito yozindikira mwala imayenda pang'onopang'ono, ndipo njira iliyonse imachotsa mayina ena pamndandanda mpaka kutsala limodzi.

Choyamba ndi kuwala. Katswiri amatsuka mwala n'kuunikira ndi tochi yowala kwambiri m'mphepete mopyapyala. Garnet amaonetsa kufiira, aegirine kubiriwira, quartz wautsi mtundu wa tiyi wopanda mkaka, ndipo sapphire amaonetsa mtambo kapena kubiriwira. Tourmaline wobiriwira ali ndi khalidwe lakelake: angathe kuoneka wobiriwira ukamuyang'ana cham'mbali koma wakuda bii ukamuyang'ana m'litali mwake. Wosema miyala amene sadziwa zimenezi angathe kusema mwala wabwino molakwika n'kuudetsa.

Chachiwiri, ngati mwala ndi wosasema, ndi kaumbidwe kake. Tourmaline amakhala wautali, wa mizere yotsata m'litali, ndipo pamene wathyoka pamaoneka ngati pali makona atatu ozungulirako. Aegirine amakhala ndi nsonga yonga ya mkondo ndipo amang'aluka mosalala mbali ziwiri zokumana pafupifupi ngati ngodya ya njerwa. Garnet amakhala wobulungira, wa nkhope 12 kapena 24. Quartz amakhala ndi mbali 6 ndipo mizere yake imapingasa. Galasi lokulitsa zinthu ka 10 limathandiza kuona timathovu ta mpweya timene timapezeka kawirikawiri m'galasi la m'fakitale, komanso mmene mwala unabenthukira.

Chachitatu ndi kulemera kwa mwala poyerekeza ndi madzi. Njirayi siiwononga mwala ndipo imagwira ntchito ngakhale mwala ukhale wakuda motani. Mwala umayezedwa pasikelo, kenaka umayezedwanso uli lende m'madzi. Kulemera koyamba kumagawidwa ndi kusiyana kwa miyeso iwiriyo. Mwachitsanzo, mwala wolemera magalamu 5.2 pamtunda ndi magalamu 3.2 m'madzi wataya magalamu 2. Kugawa 5.2 ndi 2 kumapereka 2.6, nambala ya onyx ndi abale ake a m'banja la quartz.

Mwala uliwonse uli ndi nambala yake. Jet ali pa 1.3, ndipo amapepuka m'dzanja ngati pulasitiki. Obsidian ali pafupi ndi 2.4, tourmaline wakuda pakati pa 3.1 ndi 3.2, moissanite 3.22, dayamondi 3.52, melanite pafupi ndi 3.8, sapphire 4.0, hematite kupitirira 5, ndipo cubic zirconia amayandikira 6. Koma sikelo payokha siithetsa mlandu. Aegirine ndi spinel ali ndi manambala oyandikana kwambiri ndi a dayamondi, mwakuti sikelo yosalongosoka kapena mwala wa ming'alu zingathe kumusokeretsa woyeza.

Chachinayi ndi kachipangizo kotchedwa refractometer, kamene kamayeza mmene mwala umapindira kuwala. Kamafuna nkhope imodzi yosalala basi, choncho kamathandiza pa miyala yosema ngakhale yakuda. Obsidian amawerenga pafupi ndi 1.49, onyx pafupi ndi 1.54, tourmaline kuyambira cha m'ma 1.62 kupita m'mwamba pang'ono, ndipo sapphire pakati pa 1.76 ndi 1.77. Koma kachipangizoka kamalekezera pa 1.81. Dayamondi, amene ali pa 2.42, komanso moissanite, cubic zirconia, melanite ndi hematite, onse amapitirira malirewo, ndipo kachipangizoka sikangawasiyanitse.

Palinso njira ziwiri zothandizira. Mwala wosasema ukakhulidwa kuseri kwa thailosi yoyera umasiya mzere wa ufa wake: hematite amasiya mzere wofiirira ngati magazi ouma, ndipo dzina lake linachokera ku liwu la Chigiriki lotanthauza magazi; jet amasiya mzere wonga wa khofi. Maginito amphamvu amakoka garnet wokhala ndi chitsulo chambiri, pamene onyx ndi quartz sakokeka.

Njira zimene zimawononga

Pali miyeso iwiri yofala m'midzi ndi m'misika imene akatswiri amaletsa. Woyamba ndi wokanda galasi. Ambiri amakhulupirira kuti mwala umene wakanda galasi ndi dayamondi. Pa muyeso wa kulimba umene Friedrich Mohs anakonza mu 1812, dayamondi ali pa 10, moissanite pa 9.25, sapphire pa 9, spinel pa 8, tourmaline pakati pa 7 ndi 7.5, quartz pa 7, pamene galasi lili cha m'ma 5.5. Izi zikutanthauza kuti miyala yonseyi imakanda galasi, ngakhale quartz wa m'mbali mwa msewu.

Wachiwiri ndi womenya mwala ndi hamala poganiza kuti dayamondi sasweka. Kulimba kwa dayamondi ndi kwakuti sakandika, osati kuti sasweka. Amang'aluka akamenyedwa, ndipo dayamondi wakuda, amene nthawi zambiri amakhala ndi ming'alu yambiri, amasweka mosavuta. Mwala umene wapulumuka hamala sunatsimikizire kanthu, ndipo umene wasweka sungabwererenso.

Dayamondi wakuda ndi zovuta zake

Dayamondi wakuda ndi amene amavuta kwambiri kutchula, chifukwa dzina limodzi limeneli limaphimba zinthu zinayi zosiyana.

Woyamba ndi dayamondi amene anada mwachilengedwe. Kuda kwake kumabwera chifukwa cha tizidutswa tambirimbiri ta graphite, chinthu chakuda cha m'kati mwa pensulo, kapena ta miyala yachitsulo ngati magnetite ndi hematite, timene tinatsekeredwa m'kati mwake. Ku Marange m'dziko la Zimbabwe, kumene anthu anakhamukira mu 2006, kumapezeka dayamondi wambiri woderapo. Kafukufuku amene bungwe la Gemological Institute of America linafalitsa mu 2018 anapeza kuti kuda kwa dayamondi wa kumeneko kumachokera ku tizidutswa ta graphite komanso ku mabanga obwera ndi cheza chachilengedwe cha m'nthaka.

Wachiwiri ndi carbonado, amene si mwala umodzi koma timadayamondi ting'onoting'ono tambiri tomatirirana. Amapezeka makamaka ku Brazil ndi ku Central African Republic. Carbonado wotchedwa Sergio, amene anapezeka ku Bahia m'dziko la Brazil mu 1895, ankalemera kuposa Cullinan wa makarati 3,106 amene anapezeka mu 1905. Mu Febuluwale 2022, dayamondi wakuda wosema wotchedwa The Enigma, wa makarati 555.55, anagulitsidwa ndi kampani ya Sotheby's ku London pa mapaundi 3.16 miliyoni. Karati imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 5 a galamu.

Wachitatu, amenenso ndi wochuluka m'masitolo, ndi dayamondi wa mumgodi amene anadetsedwa ndi anthu. Amatenga dayamondi wotsika mtengo wa ming'alu yambiri n'kumuwotcha pa moto waukulu m'malo opanda mpweya, mpaka m'ming'alumo musanduke graphite. Ena amamuwomba ndi cheza champhamvu mpaka akhale wobiriwira kwambiri moti amaoneka wakuda. Woterewu tochi yowala imaonetsa kubiriwira m'mphepete mwake. Dayamondi wodetsedwa ndi dayamondi ndithu, koma mtengo wake ndi wotsika kwambiri poyerekeza ndi amene anada yekha.

Wachinayi ndi dayamondi wopangidwa m'fakitale, amene zipangizo zake n'zofanana ndi za wa mumgodi, koma sanachokere pansi pa nthaka.

Kunja kwa anayiwa kuli miyala yongofanizira, ndipo wovuta kwambiri ndi moissanite wakuda, amene analowa pamsika wa zodzikongoletsera chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Kachipangizo konga cholembera kamene amalonda ambiri amayenda nako kamayeza mmene mwala umatulutsira kutentha. Moissanite amatulutsa kutentha mofanana kwambiri ndi dayamondi, choncho kachipangizoka kamalira ngati kapeza dayamondi. Zipangizo zatsopano zimayezanso ngati mwala ukudutsitsa magetsi, chifukwa moissanite amadutsitsa pamene dayamondi wamba sadutsitsa. Koma dayamondi wakuda wodzaza graphite angathenso kudutsitsa magetsi, ndipo chipangizo chingathe kumutchula kuti ndi moissanite. Motero kachipangizo kamodzi kangathe kunamiza wogula lero, mawa n'kunamiza wogulitsa.

Apa ndi pamene labotale imafunika. Kumeneko amagwiritsa ntchito maikulosikopu ndi makina owomba mwala ndi kuwala kwa laser, otchedwa dzina la wasayansi wa ku India, C.V. Raman. Makinawa amawerenga kaumbidwe ka m'kati mwa mwala popanda kuuwononga, ndipo amasiyanitsa dayamondi ndi moissanite, spinel kapena cubic zirconia mosakayikitsa. Kudziwa ngati kuda kwa dayamondi n'kwachilengedwe kapena ayi kumafunanso miyeso ina imene munthu sangachitire pamsika.

Dzina lathunthu limayankha mafunso atatu

Mayina a miyala ya m'nthaka amavomerezedwa ndi bungwe la International Mineralogical Association, limene linakhazikitsidwa mu 1958. Pa malonda, bungwe la padziko lonse la osula ndi ogulitsa zodzikongoletsera la CIBJO lili ndi mabuku a malamulo a katchulidwe. Mfundo zake zingathe kufupikitsidwa m'mafunso atatu.

Funso loyamba: kodi mwalawu ndi chiyani? Yankho liyenera kukhala dzina lenileni, monga spinel, garnet kapena hematite, osati dzina lobwereka kwa mwala wina. Liwu la mtundu lingathe kuwonjezedwa, koma silingalowe m'malo mwa dzina.

Funso lachiwiri: kodi ndi wachilengedwe kapena wopangidwa ndi anthu? Malinga ndi muyeso wa padziko lonse wa ISO 18323 wa mu 2015, liwu lakuti dayamondi likaima palokha limatanthauza dayamondi wachilengedwe. Wa m'fakitale ayenera kutchulidwa momveka kuti ndi wopangidwa, ndipo mwala wongofanizira uyenera kutchulidwa dzina lakelake.

Funso lachitatu: kodi wasinthidwa? Dayamondi wowotchedwa kapena wowombedwa ndi cheza ayenera kulembedwa choncho. Onyx ali ndi mbiri yakeyake pa mfundoyi: pafupifupi onyx yense wakuda wa m'masitolo ndi wonyikidwa. Njira yake inatchuka ku Idar-Oberstein m'dziko la Germany m'zaka za m'ma 1800. Mwala wotuwa umanyikidwa m'madzi a shuga kapena uchi kwa nthawi yaitali, kenaka mu asidi amene amasandutsa shugayo kukhala mwaye m'timabowo ta mwalawo. Amalonda onse amadziwa zimenezi, koma wogula wamba sadziwa ngati sanauzidwe.

Ku South Africa, lamulo loteteza ogula la Consumer Protection Act la 2008 limaletsa kufotokoza katundu monama kapena mosokeretsa. Wogula mphete ku Benoni kapena ku Boksburg ali ndi ufulu wofunsa mafunso atatuwa ndi kupempha kuti mayankho alembedwe pa lisiti.

Boma nalo limataya

Dzina lolakwika silikweza mtengo nthawi zonse. Nthawi zina limautsitsa dala. Wogula wachinyengo angathe kuuza wokumba kuti sapphire wake ndi tourmaline wakuda wopanda ntchito, ndipo wotumiza miyala kunja angathe kulemba dzina la mwala wotchipa pa zikalata kuti alipire msonkho wochepa. Pamenepo wataya ndi wokumba pamodzi ndi dziko lake.

Malawi ili ndi miyala yodula ndithu. Phiri la Chimwadzulu m'boma la Ntcheu ladziwika ndi ruby ndi sapphire kuyambira mu 1958. Mu 2023 dzikoli linakhazikitsa lamulo latsopano la migodi. Mu Febuluwale 2025 boma linaimitsa kwa kanthawi kutumiza kunja miyala ya mtengo wapatali kuti liunikenso kayendetsedwe ka malondawa, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho Pulezidenti Peter Mutharika analamula kuti miyala ya m'migodi yosakonzedwa isatumizidwe kunja. Aliyense wofuna kuwoloka malire ndi miyala ayenera kufunsa kaye ku unduna wa migodi wa dziko lake za malamulo amene akugwira ntchito pa nthawiyo. Malamulo onsewa amadalira kuti pakhale anthu odziwa kuyeza ndi kutchula miyala molondola, kuyambira kumgodi mpaka pachipata.

Zimene wokumba ndi wogula angachite

Wokumba sangagule makina a mulabotale, koma tochi yowala, galasi lokulitsa, sikelo yaing'ono ndi maginito ndi zinthu zimene gulu la okumba lingathe kusonkherana n'kugula. Zinayizi zimakwanira kusiyanitsa jet, obsidian, onyx, tourmaline, garnet ndi hematite. Miyala ya mitundu yosiyana isasakanizidwe m'thumba limodzi, chifukwa yolimba imakanda yofewa, ndipo ndi bwino kulemba malo amene mwala uliwonse unachokera. Mwala wooneka bwino usaphwanyidwe usanaonedwe ndi katswiri. M'Malawi, nthambi ya boma yofufuza za miyala ya Geological Survey ili ndi likulu lake ku Zomba, ndipo maiko oyandikana nawo ali ndi nthambi zonga yomweyi.

Wogulitsa asadalire muyeso wa wogula yekha, chifukwa wogula ali ndi mbali pa nkhaniyo. Wogula naye asakhutire ndi kulira kwa kachipangizo ka wogulitsa. Ngati mwala ukutchedwa dayamondi wakuda wachilengedwe, pafunika chikalata cha labotale yodziwika, ndipo kulemera ndi msinkhu zolembedwa pachikalatacho zigwirizane ndi mwala umene uli patebulo. Ngati mwalawo ndi wosasema ndipo wina akuutsatsa mobisa m'galimoto kapena m'nyumba yogona alendo ku Kempton Park, wogula ali pakati pa mavuto awiri: ukakhala galasi wataya ndalama, ukakhala dayamondi weniweni waphwanya lamulo la 1986.

Safunsa anadya phula. Mwala ukadali wosayezedwa, dzina lokhalo loona limene ungapatsidwe ndi lakuti mwala wakuda wosadziwika, ndipo mtengo wake uyenera kudikira mpaka dzina lenileni litapezeka.